Mapiri a inki: mafunso ndi mayankho pa zojambula za ku China ndi luso la a Yu Chengyao

Tsamba lino likuyankha mafunso amene amabwera munthu akangoyamba kuona zithunzi za mapiri ndi mitsinje zojambulidwa ndi inki ku China ndi ku Taiwan. Lusoli lakhalapo kwa zaka zoposa 1,000, ndipo kulifotokoza lonse sikungatheke pano. Choncho ndasankha munthu mmodzi woti nkhani izizungulira pa iye: a Yu Chengyao, mkulu wa asilikali amene anayamba kujambula ali ndi zaka 56, popanda mphunzitsi. Ntchito yawo ndimaikonda kwambiri, ndipo muziona zimenezo m'mayankhomu.

Kodi zithunzi zimenezi amajambula ndi chiyani?

Zipangizo zikuluzikulu ndi zinayi: burashi, inki, pepala ndi mwala woperera inki. Inki yachikale sikhala m'botolo. Imakhala kandodo kolimba kopangidwa ndi mwaye wa mitengo ya paini kapena wa mafuta, wosakaniza ndi guluu wa zikopa za nyama. Wojambula amadontheza madzi pamwala n'kumapera kandodoko pang'onopang'ono mpaka madziwo ade mmene iye akufunira. Inki yomweyo akaithira madzi ambiri imatuwa ngati utsi, akaisiya yokhathamira imada bii, ndipo pakati pa ziwirizi pali milingo yambirimbiri. Burashi amaipanga ndi ubweya wa mbuzi, wa kalulu kapena wa tinyama tina, ndipo nsonga yake imasongoka kwambiri moti burashi imodzi imatha kulemba kamzere kowonda ngati tsitsi komanso kupaka dera lalikulu.

Pepala lotchuka ndi la Xuan, lochokera m'boma la Jing m'chigawo cha Anhui. Amalipanga ndi makungwa a mtengo wina wa komweko pamodzi ndi mapesi a mpunga, ndipo mu 2009 bungwe la UNESCO linaika kapangidwe kake pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu. Lilipo lina limene amalipaka mankhwala kuti lisamwe madzi msanga, koma ojambula mapiri ambiri amakonda losapakalo, limene limamwa inki nthawi yomweyo. Papepala lotero palibe kufufuta. Dzanja likazengereza, dontho limafalikira, ndipo aliyense wodziwa kuona adzadziwa kuti apa munthu anakayika. Akale ankajambulanso pansalu ya silika.

N'chifukwa chiyani mapiri ndi madzi zinatenga malo aakulu chonchi?

Kwa anthu ophunzira a ku China, amene ambiri anali ogwira ntchito m'boma, phiri linali malo othawirako phokoso la ofesi ndi ndale. Munthu womangika ndi ntchito mumzinda ankapachika chithunzi cha mapiri m'chipinda mwake kuti aziyendamo ndi maso. Pofika m'nthawi ya ufumu wa Song, umene unayamba mu 960, zithunzi za mapiri zinali zitaposa kale za anthu pa ulemu.

Ziwiri za nthawi imeneyo zimasungidwa ku National Palace Museum, nyumba yosungiramo zakale mumzinda wa Taipei ku Taiwan, ndipo wofuna kumvetsa lusoli ayambire pa izo. China ndi cha Fan Kuan, chotalika mamita awiri ndi pang'ono: thanthwe lalikulu ladzaza pafupifupi chithunzi chonse, mathithi owonda akutsika m'mbali mwake, ndipo m'munsi mwenimweni muli timabulu tonyamula katundu, tating'ono moti mukhoza kutiphonya. China ndi cha Guo Xi, cha mu 1072, chosonyeza mapiri akudzuka nyengo yozizira itangotha. Guo Xi yemweyu ndi amene anafotokoza njira zitatu zoonetsera kutalika kwa malo: kuyang'ana m'mwamba uli patsinde pa phiri, kusuzumira mkati mwa mapiri uli kutsogolo kwake, ndi kuyang'ana patali mopingasa uli paphiri lina.

Apa pali kusiyana kofunika ndi chithunzi cha kamera. Wojambula wa mwambowu saima pamalo amodzi. Amayenda m'phiri, amaliona mbali zonse, kenako amabwerera kunyumba n'kukajambula zimene zatsala m'mutu. N'chifukwa chake m'chithunzi chimodzi mumatha kuona denga la nyumba ngati muli pamwamba pake, nsonga ya phiri ngati muli pansi pake. Zithunzi zina ndi mipukutu yaitali yopingasa imene munthu amaitambasula pang'onopang'ono patebulo, kuchokera kumanja kupita kumanzere, chigawo chimodzi pa nthawi.

Mwamwambo, munthu amaphunzira bwanji kujambula mapiri?

Amakopera. Wophunzira amakhala pansi pa mphunzitsi kwa zaka, n'kumabwereza mitengo, miyala ndi madzi a ojambula akale mpaka dzanja lizolowere. Chimene amalimbana nacho kwambiri ndi timizere tosonyeza khungu la thanthwe, timene amatitcha cun. Tilipo ta mitundu yambiri, ndipo mtundu uliwonse uli ndi mwini wake. Fan Kuan amadziwika ndi timadontho tangati ta mvula. Li Tang ndi Ma Yuan amadziwika ndi mizere yakuthwa yooneka ngati potema nkhwangwa, yoyenera miyala yolimba. Dong Yuan ndi Huang Gongwang amadziwika ndi mizere yaitali yofewa ngati ulusi, yoyenera zitunda za dothi za kum'mwera. Mu 1679 kunatuluka buku lophunzitsira lotchedwa Jieziyuan Huazhuan, limene linasanja zonsezi tsamba ndi tsamba: tsamba la mtengo jambulani motere, mwala motere, mlatho motere.

Njira imeneyi inatulutsa akatswiri enieni, ndipo sindikuinyoza. Koma inabalanso mibadwo ya ojambula amene ankadziwa mapiri a m'zithunzi kuposa mapiri a panja. Chiyambire nthawi ya Dong Qichang, wojambula komanso wolemba za luso amene anamwalira mu 1636, chithunzi ankachiweruza kwambiri poona ubwino wa mzere uliwonse ndiponso kuti mzerewo ukukumbutsa katswiri uti wakale. Pofika zaka za m'ma 1900 anthu ambiri ku China anali atatopa nazo.

Nanga a Yu Chengyao anali yani?

Anabadwa mu 1898 m'boma la Yongchun, dera la mapiri m'chigawo cha Fujian. Ali mnyamata anapita ku Japan, kumene anayamba maphunziro a zachuma pa yunivesite ya Waseda kenako n'kusamukira kusukulu ya usilikali. Atabwerera kwawo anaphunzitsa pa sukulu ya usilikali ya Whampoa ndipo anatumikira m'gulu lankhondo la boma la Kuomintang, chipani chimene chinkalamulira China nthawiyo, kwa zaka zoposa 20, kuphatikizapo nthawi ya nkhondo yolimbana ndi Japan. Ntchitoyo inawayendetsa m'zigawo zambiri za mapiri. Anapuma mu 1946 ali pa udindo wa lieutenant general, n'kuyamba malonda a mankhwala azitsamba.

Chaka cha 1949, pamene chipani cha Chikomyunizimu chinatenga dziko la China, chinawapeza ali ku Taiwan. Banja lawo linatsala kutsidya kwa nyanja, ku China. Njira inatsekeka, ndipo boma la Taiwan silinalole anthu kukaona abale awo ku China mpaka kumapeto kwa 1987. Anakhala okha, moyo wosalira zambiri, akuwerenga, kulemba ndakatulo, kuchita luso la kalembedwe ndi kuphunzira nyimbo zamakedzana za kwawo zotchedwa nanguan. Mu 1954 anayamba kujambula. Atakalamba kwambiri anabwerera ku Fujian, ndipo anamwalira mumzinda wa Xiamen mu 1993.

Chinawayambitsa kujambula atakula chonchi n'chiyani?

Kusakhutira. Zithunzi za mapiri zimene ankaona sizinkafanana ndi mapiri amene iwo anakwera. Zinali zopepuka, zodzaza nkhungu ndi malo opanda kanthu, pamene mapiri amene ankawadziwa anali olemera, othithikana ndi mitengo, osanjikizana mzere pambuyo pa mzere. Ku Taiwan kwa m'ma 1950 mawu aakulu pa luso la inki anali a anthu ngati a Pu Xinyu ndi a Huang Junbi, akatswiri a mwambo amene anawoloka nyanja kuchokera ku China. A Yu sanapite kukagwada kwa aliyense wa iwo. Anatenga burashi imene ankalembera n'kuyamba kufufuza okha mmene thanthwe lingaimire papepala.

Chochititsa chidwi n'chakuti m'chaka chomwecho cha 1954, kutsidya kwa nyanja, a Li Keran, a Zhang Ding ndi a Luo Ming ananyamuka ku Beijing kupita kum'mwera kukajambula mapiri ndi midzi akuziona ndi maso, pofuna kutsitsimutsa luso limene ambiri ankati lafota. Vuto limene ankaliona linali limodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti atatuwo akanatha kukwera sitima n'kupita kuphiri, pamene a Yu mapiri awo anali atawatsekera. Anatsala ndi chikumbukiro basi, ndipo mitu ya zithunzi zawo zina imanena poyera kuti n'zojambula pokumbukira.

Munthu akaima patsogolo pa chithunzi chawo amaona chiyani?

Choyamba ndi kudzaza. Pepala lonse, kuyambira pansi mpaka pafupi ndi pamwamba, ladzaza phiri. Thambo ndi kachigawo kochepa chabe. Nsonga za miyala zaima motsatizana, zina zowongoka ngati zipilala, ndipo kumbuyo kwa iliyonse kukusuzumira ina.

Mukayandikira, phirilo limasungunuka n'kusanduka timizere tosawerengeka: tatifupi, tokhota, topingasana, tina timadontho chabe. Palibe kamzere kamene mungakaloze n'kunena kuti aka n'ka Fan Kuan kapena aka n'ka Huang Gongwang. Anthu anakatcha kalembedwe kameneka burashi yosokonekera, poti sikatsata mtundu uliwonse wa m'mabuku. Koma mukabwerera m'mbuyo mapazi atatu, chisokonezo chija chimatha. Thanthwe limaoneka polowa ndi potuluka pake, mbali yowala ndi mbali ya mthunzi, mng'alu umene madzi amatsikira, shelefu ya dothi pamene mitengo yagwira mizu. Zili ngati mkeka: mlaza umodzi sunena kanthu, koma wolukayo amadziwa kumene uliwonse ukupita.

Mphamvu yake yagona pa kusanjikiza. Ankayamba ndi inki yotuwa, n'kubwerezapo yoderako, n'kubwerezanso, mpaka malo ena ade kwambiri pamene ena atsala owala. Kuwala ndi mdima zimenezi n'zimene zimapatsa miyala yawo thupi, chinthu chimene ojambula a mwambo sankachilabadira kwenikweni. Ndipo poti pepala ladzaza chotere, malo ochepa oyera amene atsala amagwira ntchito yaikulu. Kamzere koyera kotsika pathanthwe ndi mathithi. Koyera kokhotakhota m'chigwa ndi mtsinje kapena njira. Diso limagwira koyerako n'kumakatsata, kulowa m'chigwa, kubisika kuseri kwa phiri, kutulukiranso kumtunda. Ine chimene chimandigwira mtima n'chakuti njira zawo zimafika. Mukhoza kuyamba pansi pa chithunzi n'kulondola ndi chala mmene munthu angakwerere mpaka pamwamba, osapeza pamene nkhungu yaikidwa kuti ibise malo amene wojambula analephera kulumikiza.

Anthu m'zithunzizi ndi osowa. Mumapezeka timidzi, timinda ndi tinyumba tating'ono, koma nkhalamba ya ndodo yoyang'ana mathithi, imene imapezeka m'zithunzi zambiri za mwambo, simuiona kawirikawiri.

Kodi usilikali unathandizapo pa kajambulidwe kawo?

Ndikukhulupirira kuti unathandiza, ngakhale kuti izi ndi zoona ndi maso anga osati zoyezeka. Mkulu wa asilikali akayang'ana phiri safuna kukongola kokha. Amafuna kudziwa kuti mpata uli pati, anthu angadutse pati, mtsinje ungawolokedwe pati, kuseri kwa chitunda icho kuli chiyani. Amaphunzira kuwerenga mapu n'kumaona m'mutu mwake mmene dziko lakwerera ndi kutsika. Munthu amene anaphunzitsa ena zimenezi, n'kuyenda yekha m'mapiri kwa zaka zambiri, sangakhutire ndi phiri loyandama pankhungu. Mapiri a a Yu ali ndi tsinde, ali ndi msana, ndipo madzi ake amatsikira kumene madzi angatsikiredi.

Nanga mitundu yowala ija? Ndimayesa zithunzi za inki zimakhala zakuda ndi zoyera.

Zambiri n'zakuda ndi zoyera, koma utoto unalipo kuyambira kale: wobiriwira ndi wabuluu wochokera ku miyala yopera, wofiirira wa dothi, wachikasu wa utomoni wa mtengo. Ophunzira akale ankaupaka mopepuka, poopa kuti chithunzi chingaoneke chamalonda. A Yu analibe mantha amenewo. M'zithunzi zawo za utoto muli kubiriwira kowala kwa masamba atsopano, chikasu, ngakhale kufiira, zopakidwa timadontho pamwamba pa inki. Ena amaziona ngati zaphokoso. Kwa ine za inki yokha n'zimene zili zamphamvu koposa, koma za utotozo zili ndi chisangalalo chimene sindingafune kuti chichotsedwe.

Kodi n'zoona kuti anadziphunzira okha? Zimatheka bwanji?

N'zoona kuti analibe mphunzitsi wa zojambula, sanapite kusukulu ya luso, ndipo anakana njira yokopera akale. Koma mawu akuti wodziphunzira amasocheretsa ngati tikuganiza za munthu amene anadzuka tsiku lina opanda kalikonse m'manja.

Taganizirani zimene anali nazo kale pofika 1954. Burashi yojambulira ndi yomweyo yolembera, ndipo munthu wophunzira wa m'badwo wawo ankaigwira kuyambira ali mwana. A Yu anali katswiri wa kalembedwe kothamanga, kamene zilembo zimalumikizana burashi isanadzuke papepala. Ankadziwa kale kuchuluka kwa inki imene burashi imanyamula, mmene pepala limamwera, ndi mmene dzanja limapepukira kapena kulemera. Anali wolemba ndakatulo za mtundu wakale, zimene zambiri zimakamba za mapiri ndi mitsinje yomweyo. Anali wozama pa nyimbo za nanguan, zoyenda pang'onopang'ono, zofuna khutu loleza mtima. Ndipo anali ataona mapiri ochuluka kuposa ojambula ambiri a m'mizinda. Chimene analibe ndi chimodzi chokha: mndandanda wa timizere tovomerezeka. Pamene wophunzira wa mwambo akafika pathanthwe amafunsa kuti apa pakufunika cun wa mtundu uti, iwo ankafunsa kuti thanthwe lija linkaoneka bwanji.

Choncho sindivomereza anthu akamatenga nkhani yawo ngati umboni wakuti maphunziro alibe ntchito. Odziphunzira alipo ambirimbiri, ndipo ochuluka ntchito yawo siipita patali, chifukwa munthu wopanda womudzudzula amabwereza cholakwa chomwecho kwa zaka. A Yu anapulumuka msampha umenewu chifukwa anali ndi chowayeza chokhwima kuposa mphunzitsi, ndicho mapiri enieni amene ankawakumbukira bwino, komanso anali ndi nthawi. Sankajambula kuti agulitse kapena kuti apambane mpikisano. Kwa zaka pafupifupi 30 anagwira ntchitoyi anthu ochepa okha akudziwa, ndipo chithunzi chimodzi ankatha kukhala nacho nthawi yaitali osachithamangira.

Anadziwika bwanji?

Mochedwa. Mu 1966 katswiri wa mbiri ya zojambula, a Li Chu-tsing, amene ankaphunzitsa ku America, anawaika m'gulu la ojambula asanu ndi mmodzi pa chionetsero chotchedwa The New Chinese Landscape, chimene chinayenda m'mizinda ya ku America. Ena mwa anzawo pa chionetserocho, monga a Liu Kuo-sung ndi a Chuang Che, anali anyamata ofuna kuphwanya mwambo poyera, ndipo pakati pawo panali nkhalamba ya zaka 68 imene inafika pa zatsopano podzera njira yakeyake. Komabe kwawo ku Taiwan dzina lawo silinamveke kwenikweni mpaka mu 1986, pamene nyumba yoonetsera zojambula ya Hsiung Shih ku Taipei inakonza chionetsero cha iwo okha. Anali ndi zaka 88.

Chithunzi chawo chachikulu ndi chiti?

Chotchuka kwambiri ndi mpukutu wa mtsinje wa Yangtze, umene anaujambula m'zaka za m'ma 1970. Mutuwu ndi wakale, ndipo wojambula wotchuka a Zhang Daqian anajambulanso wawo mu 1968, wa mamita pafupifupi 20, wodzaza utoto wothiridwa ndi nkhungu. Kuika iwiriyi pamodzi kumaphunzitsa zambiri: wina akuuluka pamwamba pa mtsinje, wina akuyenda m'mbali mwake phiri ndi phiri. Mtsinjewo ndi wa makilomita pafupifupi 6,300, ndipo zigwa zake zotchuka za Three Gorges zinasintha madzi atayamba kukwera mu 2003 chifukwa cha damu. Zimene anthu a m'badwo wa a Yu anaona kumeneko sizidzaonekanso chimodzimodzi.

Kodi otsutsa amati chiyani, ndipo akulondola?

Okonda mwambo amati mzere uliwonse m'chithunzi uyenera kukhala wamoyo paokha, woti ukhoza kuudula n'kuupachika. Pa muyezo umenewo timizere ta a Yu n'tosauka: tating'ono, tobwerezabwereza, topanda kukoma kwa kalembedwe. Amatinso chithunzi chopanda malo opumira chimatopetsa, ndiponso kuti zithunzi zawo zimafanana kwambiri.

Mfundo yomalizayi ili ndi choonadi. Mukaona zambiri motsatizana, zina zimalowana m'maso, ndipo tinyumba tawo nthawi zina n'touma. Koma pa mfundo yoyamba ndikuona kuti otsutsawo akuyeza ndi muyezo wa ntchito ina. A Yu sankafuna kuti muzisirira mzere. Ankafuna kuti mumve kulemera kwa phiri, ndipo pa chimenecho amafika pafupi ndi Fan Kuan kuposa ambiri amene anakhala moyo wawo wonse akukopera Fan Kuan.

Alipo ena odziphunzira amene anafika patali?

Alipo, ndipo mmodzi amasonyeza kuti njira si imodzi. A Huang Qiuyuan, a mumzinda wa Nanchang, anabadwa mu 1914 n'kumwalira mu 1979. Ali mnyamata anagwira ntchito m'shopu yomata zithunzi pamipukutu, kumene zojambula zakale zinkadutsa m'manja mwawo tsiku ndi tsiku, kenako anakhala wogwira ntchito kubanki kwa zaka zambiri, akujambula akaweruka. Iwo anachita zosiyana ndi a Yu: anakopera akale mwakhama mpaka kuwadziwa onse, koma kunja kwa sukulu ndi mabungwe a ojambula. Anamwalira osadziwika. Mu 1986 zithunzi zawo zitaonetsedwa ku Beijing, akatswiri ngati a Li Keran anadabwa kuti munthu wotere anakhalapo iwo osamudziwa, ndipo sukulu ya Central Academy of Fine Arts inawapatsa ulemu wa uprofesa atamwalira kale. N'chaka chomwecho chimene a Yu anaonekera ku Taipei.

A Qi Baishi nawonso, wojambula wotchuka amene anayamba ngati kalipentala ku Hunan, anaphunzira zoyambirira pokopera buku la 1679 lija, ngakhale kuti pambuyo pake anapeza aphunzitsi.

Kodi lusoli likadali lamoyo lero, kapena ndi la m'nyumba zosungiramo zakale?

Funsoli anthu a ku China akhala akukangana nalo okha. Mu 1985 wophunzira wina wa ku Nanjing, Li Xiaoshan, analemba nkhani yonena kuti luso la inki lafika pamapeto a msewu, ndipo dziko la ojambula linagwedezeka. M'zaka za m'ma 1990 wojambula a Wu Guanzhong ananena kuti burashi ndi inki, zikachotsedwa pa chithunzi chimene zikutumikira, mtengo wake ndi ziro, ndipo a Zhang Ding anawayankha poteteza mwambo. Mkangano umenewu ndi womwe uja wa timizere ta a Yu: kodi chofunika ndi mzere, kapena chimene mzerewo wamanga?

Pakali pano ojambula akupitiriza, aliyense njira yake. A Liu Kuo-sung, mmodzi wa oyambitsa gulu la Fifth Moon ku Taiwan mu 1957, anapangitsa pepala la ulusi wokhuthala, n'kumapaka inki kenako n'kusolola ulusiwo kuti patsale mizere yoyera ngati chipale chofewa paphiri. A Liu Dan, obadwa mu 1953 ku Nanjing, amajambula mwala umodzi mosamala kwambiri mpaka uoneke ngati dziko lathunthu. A Li Huayi, amene anachoka ku Shanghai kupita ku San Francisco mu 1982, anabwerera ku mapiri akuluakulu a nthawi ya Song. A Yang Yongliang, obadwa mu 1980, amasanja pakompyuta zithunzi za kamera zambirimbiri, moti chimene patali chikuoneka ngati phiri lakale, pafupi ndi nyumba zosanja ndi makina omangira. Mu 2013 Metropolitan Museum of Art ku New York inachita chionetsero chachikulu cha luso la inki lamakono, ndipo nyumba yoonetsera zaluso ya M+ imene inatsegulidwa ku Hong Kong mu 2021 imalipatsa malo akeake.

Zimagulidwa ndalama zingati?

Za mayina akuluakulu zimafika pa ndalama zoopsa. Mu 2012 chithunzi cha mapiri ofiira cha a Li Keran chinagulidwa mayuan (ndalama za ku China) oposa 293 miliyoni pa okushoni ku Beijing, ndipo mu December 2017 zithunzi 12 za mapiri za a Qi Baishi zinagulidwa mayuan 931.5 miliyoni. Kumene kuli ndalama zotere zabodza sizisowa, ndipo m'luso limene kukopera ndi njira yophunzirira, okopera aluso ndi ambiri. A Zhang Daqian enieniwo ankadziwika kuti ankapanga zithunzi zonamizira akatswiri akale ngati Shitao, mpaka kupusitsa odziwa. Chidindo chofiira ndi siginecha pachithunzi si umboni wokwanira.

Ndikufuna kuyesa. Ndiyambire pati?

Yambani ndi kuona. National Palace Museum ndi Metropolitan Museum zinaika zithunzi zambiri pa intaneti zoti mukhoza kuzikulitsa. Pafoni chithunzi cha mamita awiri chimasanduka kachidutswa, choncho chikulitseni mpaka muone timizere, muyende nacho kuchokera pansi kukwera m'mwamba, kenako muchichepetsenso.

Pa zipangizo, inki ya m'botolo ndi burashi imodzi yosongoka n'zokwanira. Pepala la Xuan likasowa, pepala lililonse lomwa madzi, ngakhale la nyuzipepala losasindikiza, lingakuphunzitseni mmene inki imafalikirira. Thirani inki m'timbale titatu, ina yokhathamira, ina yothira madzi pang'ono, ina yotuwa kwambiri. Yambani ndi yotuwayo, dikirani iume, kenako sanjikizani yoderako. Malo amene mukufuna kuti akhale madzi kapena njira muwasankhiretu musanayambe, chifukwa choyera chikadetsedwa sichibwerera.

Ndipo sankhani phiri limene mumalidziwa ndi mapazi. Amene amakhala pafupi ndi Mulanje, Zomba kapena Dedza ali ndi matanthwe, ming'alu ndi mathithi okwanira ntchito ya moyo wonse. Likwereni, muone kumene madzi amadzera ndi kumene mitengo imalekera, ndipo mukajambule mutafika kunyumba osayang'ana chithunzi cha pafoni. Pamene chikumbukiro chakana, lembani malowo, mukawaonenso ulendo wotsatira.